Mphira pa Shafiti ya Chiwongolero

"Mwawanamizira bambo anga, amalume! Mwawasenzetsa mlandu wa mowa pomwe pakamwa pawo sipanadutse ngakhale dontho!"

Ndinalankhula zimenezi nditaima pakati pa sitolo yawo ya zipangizo zomangira nyumba, makasitomala ali momwemo. Mayi wina amene ankasankha maloko anabweza loko pa shelefu mwakachetechete ngati wagwira chotentha. Amalume sanadzuke n'komwe pampando. Anangotsitsa magalasi awo, aja mwendo umodzi anaumanga ndi mphira ya chubu, n'kundiyang'ana modutsa pamwamba pake.

"Machesi, wayakanso? Kayakire panja, muno muli penti."

Kwathu amanditcha Machesi chifukwa sindichedwa kuyaka, ndipo sindikana. Koma tsiku limenelo ndinali ndi chifukwa.

Bambo anga ndi amene ankayendetsa pikapu ya amalume, kukatula simenti, malata ndi matabwa kwa ogula. Sabata yathayi, pa kona ya kumunsi kwa msika, galimotoyo inakalowa m'ngalande. Palibe amene anavulala. Koma pamapazi pa bambo panali katoni ya mabotolo a sipiriti wosungunulira vanishi, uja wonunkha ngati kachasu, oda ya mmisiri wina wa mipando. Mabotolo anasweka, buluku lonse linanyowa. Anthu amene anathamangira kukawatulutsa anangonunkhiza kamodzi n'kuyang'anana. Pamene bambo ankafika kunyumba, nkhani inali itafika kale, itakhala pansi, itamwa ndi tiyi.

Chovuta n'chakuti bambo ankamwadi kale, ine ndili wamng'ono. Ndimakumbukira kuwavula nsapato atagona pakhonde. Anasiya tsiku limene amayi anawauza kuti akadzangolawanso, iwo adzanyamula zawo osatsanzika. Kuyambira pamenepo bambo ngakhale ku ukwati amakhala mbali ya ana, botolo la zoziziritsa kukhosi lili m'manja. Tsopano amayi anali atasamukira kuchipinda kwanga, chikwama chawo chachikulu atachitsitsa pamwamba pa kabati, ndipo tsiku lililonse chinkanenepa pang'ono. Sankakalipa. Bola akanakalipa.

"Bambo ananena kuti chiwongolero chinakana," ndinatero. "Anapinda, chinauma, kenako chinamasuka mwadzidzidzi."

"Botolo likalowa m'mutu chilichonse chimakana," anatero amalume. "Ine ndinachipotokola ndekha galimoto itakokedwa. Chikuzungulira ngati mphero. Mwana iwe, alamu anga ndimawakonda, koma sindingapereke galimoto kwa munthu woti mawa akapha mwana wa eni. Lolemba akuyamba dalaivala wina."

"Ndipatseni makiyi ndikaione."

"Iwe? Wa njinga zamoto ndi majenereta? Galimoto si jenereta, mama."

"Zonse n'zitsulo. Makiyi."

Anaseka, n'kuwachotsa pa msomali, n'kundiponyera. Ngakhale makiyiwo anali pa kachingwe ka mphira. Amalume anga amakhulupirira kuti palibe chinthu padziko chimene chubu chakale sichingachize. Mpopi wa kuseri kwa sitolo ndi womanga ndi mphira, chogwirira cha wilibala ndi mphira, wailesi ya pakauntala mabatire ake amagwiridwa ndi mphira. Antchito awo akakhala paokha amati tsiku lina bwana adzamanga ndi mphira malipiro awo kuti asathe msanga.

"Ukapeza chilema undiitane," anatero, "ndidzavina pabwalopo anthu akuona."

Kunyumba bambo ndinawapeza pakhonde akupukuta nsapato zopukuta kale. Munthu amene wakhala pa chiwongolero moyo wake wonse akamusiya pakhomo amasowa poika manja.

"Ababa, nyamukani. Tikaione galimoto."

"Zisiye, mwana wanga. Munthu amene anagwapo kale m'matope, ngakhale mvula imugwetse, anthu amati ndi khalidwe lake."

"Ine si anthu. Valani nsapatozo, zawala mokwana."

Pikapu inali kuseri kwa sitolo, pakati pa mulu wa njerwa ndi migolo yopanda kanthu, bampala itapindika ngati mlomo wa munthu wonyansidwa. Ine za magalimoto sindinapite nazo kusukulu. Ndinaphunzira pomasula zinthu zakufa za anthu, poonera pafoni, ndiponso pokalipiridwa ndi eni ake zikakana kubwerera m'malo. Koma chimodzi ndimachidziwa: chitsulo chikalakwa sichitha kubisa ukachitsatira ndi dzanja kuchokera kumutu mpaka kumchira.

Ndinawakhazika bambo pampando wawo, ine n'kugwada pafupi ndi tayala lakutsogolo.

"Gwedezani chiwongolero pang'onopang'ono, uku ndi uku."

"Ndikugwedeza."

"Yambani, ababa."

"Ndati ndikugwedeza kale!"

Ndinasuzumira pawindo. Chiwongolero chinkayenda mpata woti chikhatho n'kukwanapo, koma matayala ali duu, ngati nkhaniyo sikuwakhudza. Ndinatsegula boneti. Kuchokera pansi pa chiwongolero pamatsika chitsulo chachitali ngati mkono, chopita ku bokosi limene limakhotetsa matayala. Amachitcha shafiti. Kumapeto kwake kuli mfundo yooneka ngati kamtanda, yoti shafitiyo izitha kuzungulira ili chopendekeka. Ndinatsetsereza dzanja m'munsi, kuseri kwa mapaipi, kufunafuna mfundoyo. Zala zanga zinagunda chinthu chofufuma, cholimba, chonona girizi.

Ndinaunika ndi foni. Mfundo yonse inali itakulungidwa ndi mphira ya chubu, yozengezazengeza ngati bandeji ya pachilonda.

"Ababa, tabwerani. Ndani anamanga izi?"

Bambo anawerama nthawi yaitali. Atadzuka anapukuta manja pa buluku ngakhale sanagwire kanthu.

"Chaka chatha chinayamba kugogoda," anatero. "Ukadutsa pa bampu, gu, gu, pansi pa mapazi. Ndinawauza alamu. Anati ntchito yachuluka, galimoto singagone ku galaja, ndiisiye Lamlungu aione okha. Lolemba ndinaipeza ili zii." Anapukusa mutu. "Ndinawathokoza, mwana wanga. Ndinachita kuwagwira dzanja."

Amati chakudza sichiyimba ng'oma. Ichi chinayimba ndithu, koma amalume anachimanga pakamwa.

Magazi anandithamangira kumutu. Ndinali nditatembenuka kale kulunjika ku sitolo pamene bambo anandigwira mkono.

"Ukupita kuti?"

"Kukawakoka pa kolala adzaone ntchito yawo."

"Ndiye akakana? Akati mphira ili paliponse, ndamanga ndine? Ndi mchimwene wa amayi ako, ndiponso ndi bwana wanga. Khoswe wakhala pa mkhate, Machesi."

Ndinaima, ndikupuma ngati ndathamanga. Ankanena zoona, ndipo n'zimene zinandipweteka. Ndikanalowa m'sitolomo ndi mkokomo wanga, amalume akanangobwera ndi mpeni, kudula mphirayo, n'kunena kuti aona, palibe chovuta. Ndinatseka boneti pang'onopang'ono ngati ndikufunditsa mwana.

"Chabwino. Sitidula kanthu. Tichotsa shafiti yonse ndi bandeji yake yomwe, tiike ina. Kenako muyendetse amayi akuona."

"Ina uitenga kuti?"

Kuseri kwa malo okwerera mabasi kuli bwalo la magalimoto akufa. Mwini wake aliyense amamutcha a Dzimbiri, chifukwa khungu, ndevu ndi ovolosi yawo zonse n'zamtundu umodzi. Ndinawapeza akulimbana ndi galayindala yawo yodulira zitsulo, imene inkangolira pang'ono n'kuzima.

"Machesi! Usayandikire mgolo uwo, muli petulo."

"Nthabwala imeneyo ndaimva kale, madala. Ndikufuna shafiti ya chiwongolero ya pikapu."

"Ya amalume ako ija inakasamba m'ngalande? Ndamva kuti dalaivala ndi amene ankafunika kusinthidwa."

"Dalaivalayo ndi bambo anga."

A Dzimbiri anasiya kuseka. Anakanda ndevu, n'kuloza ndi chibwano kumapeto kwa bwalo, kumene pikapu ina yofanana nayo inagona yopanda matayala, udzu utamera m'bodi.

"Iyo inamenyedwa kumbuyo, kutsogolo n'kwabwino. Ukatha kuchotsa wekha, ndi yako. Koma galayindala yangayi iyambe yadzuka."

Galayindalayo vuto lake linali waya wothothoka m'chogwirira. Ndinaulumikiza, inalira mpaka agalu a pabwalopo anathawa. Kenako ndinakwawira m'pikapu yakufayo. Ndinali nditayeza shafiti ya kwathu ndi chingwe cha nsapato, kumanga mfundo pamene inathera, ndipo iyi inakwana ndendende. Kuichotsa kunandiphunzitsa zonse zimene ndinkafuna kudziwa: bawuti imodzi kumtunda, ina kumunsi, iliyonse yofinya kamlomo kamene kamaluma mano a chitsulo chinzake. Nditaitulutsa ndinapinda mfundo yake uku ndi uku. Inkayenda mofewa, yosagwedera, yosakakamira.

"Ukawauze bambo ako," anatero a Dzimbiri ndikutuluka, "kuti ine zija ndinangomva kwa anthu."

"Mudzawauze nokha. Pakamwa mulipo."

Loweruka m'mawa tinayamba ntchito. Tinaimika matayala molunjika, ndipo ndinakulunga lamba wa pampando pa chiwongolero n'kumumanga kuti chisazungulire shafiti ikachoka. Ndinakanda ndi msomali kamzere pa bokosi ndi pa chitsulo cha kumtunda, kuti yatsopanoyo idzalowe momwe yakale inakhalira. Bawuti ya kumtunda inamasuka mwaulemu. Ya kumunsi inakana. Inali itagwirana ndi dzimbiri ngati mapasa. Ndinakoka sipanala ndi mphamvu zonse, sipanala inaterereka, zala zanga zinakamenya chitsulo, khungu linasupuka.

Mawu amene ndinatulutsa pamenepo sindingawalembe.

"Ndani anakuphunzitsa zimenezo?" anafunsa bambo.

"Majenereta."

"Chitsulo sachikalipira, amachinyengerera. Thira oyilo, upite ukamwe madzi."

"Ababa, Lolemba ndi mkuja."

"Bawutiyo sidziwa Lolemba. Thira oyilo."

Ndinathira, n'kukakhala pa njerwa ndikuyamwa chala. Bambo anatenga hamala n'kumagogoda mutu wa bawutiyo pang'onopang'ono, ngati munthu wogogoda pakhomo la apongozi. Nditabwerera ndinalumikiza paipi ku sipanala kuti italike, n'kukankha mosafulumira. Bawuti inalira kwii, n'kugonja. Ndinalowetsa sikuludiraiva pa kamlomo kaja, kutsegula pang'ono, kugogoda chammwamba, ndipo shafiti inatsomphoka n'kugwera m'manja mwanga, mphira yake ili pomwepo. Ndinaikulunga m'thumba la simenti n'kuibisa pansi pa mpando.

Yatsopanoyo ndinatsuka mano ake ndi bulashi, kupaka girizi, n'kuilowetsa. Chifukwa cha changu ndinaphonya kamzere kanga ndi dzino limodzi. Bambo ndi amene anaona.

"Ukufuna ndiziyenda molunjika chiwongolero chikuyang'ana kwa aneba?"

Ndinaizulanso, kuilowetsa bwino, n'kumanga mabawuti onse mpaka mkono unanjenjemera. Nditamasula lamba uja ndinati, "Gwedezani." Bambo anangokhudza chiwongolero, matayala anayankha nthawi yomweyo. Anachisiya msanga ngati chawaluma, n'kundiyang'ana.

Ntchito yovuta kuposa bawuti ija inali kunyumba. Amayi ndinawapeza akupinda zovala pabedi langa, chikwama chili chotsegula.

"Amayi, tiyeni ku sitolo."

"Kukatani?"

"Mukaone zimene zinagwetsera galimoto m'ngalande."

"Chimene chinagwetsa galimoto ndinachinunkhiza ndekha pochapa buluku." Sanandiyang'ane. "Iwe unali mwana, sukudziwa. Ine ndinamva kale zonsezi. Lero tayala, mawa mabuleki, mkuja anzanga anandikakamiza. Ndatopa ndi kulonjezedwa."

"Sindikukulonjezani kanthu. Ndikukuitanani mudzaone ndi maso anu. Mukaona n'kusakhutira, chikwamacho ndikunyamulirani ndine mpaka komwe mukupita."

Anayang'ana zala zanga zosupuka. Kenako anatenga mpango n'kumanga kumutu.

Pamene tinkafika, amalume anali atatulutsa kale mpando wawo pabwalo, antchito awo onyamula katundu atakhala pa matumba a simenti, ndi makasitomala angapo amene anamva kuti kuseri kuli zoonera zaulere.

"Achemwali, mwabwera?" anatero amalume. "Khalani apa. Mwana wanu akuti wachiza galimoto yosadwala."

Amayi anaima chilili, manja atapinda pachifuwa.

Bambo analiza injini. Bwalolo ndi lalitali, kuchokera pa geti mpaka pa khomo lopakirira katundu, ndipo chimene ankafunika kuchita n'kungoyenda molunjika. Galimoto inanyamuka. Isanapite patali inakhotera kumanzere, kenako kumanja, kenako kumanzerenso, ikupepeluka ngati nkhuku yodwala chitopa. Inagunda mgolo wopanda kanthu, mgolo unagubuduzika ukulira mpaka pa mapazi a amalume.

Bwalo lonse linaphulika ndi phwete.

"Shafiti yatsopano, dalaivala yemwe uja!" anakuwa amalume akumenya ntchafu. "Alamu, mwayamba m'mamawa lero?"

Ndinaona amayi akutembenuka, kuyamba kulowera ku geti. Ndinathamanga, kutsegula chitseko cha mbali inayo, n'kudziponya m'galimoto.

"Ababa, chachitika n'chiyani?"

"Sindikudziwa." Thukuta linali kamukamu pamphumi pawo. "Ikundithawa. Ndikangoti pang'ono, yapita."

"Bwererani m'mbuyo, muyambenso. Ine ndikhala momwemuno."

Anabwerera, n'kuyambanso. Ine sindinayang'ane kutsogolo. Ndinayang'ana manja awo. Galimoto ikuyenda molunjika, manjawo ankapalasa chiwongolero uku ndi uku osapuma, ngati munthu wopeta. Eni ake sankadziwa n'komwe. Miyezi yonse ija shafiti ikutha pang'onopang'ono, manja a bambo anaphunzira kusakasaka pamene chiwongolero chagwira, kudzaza mpata uja tsiku ndi tsiku, mpaka galimoto yodwala inkayenda ngati yabwino ndipo palibe amene anadziwa. Tsopano mpata unalibe, ndipo kupalasa kulikonse kunkafika ku matayala.

"Imani! Ababa, manja anu akuyendetsabe shafiti yakale. Lekani kupeta."

"Ndikupeta?"

"Taonani."

Anayang'ana manja awo ngati a munthu wina. Ngakhale galimoto itaima, ankagwederabe.

"Chotsani dzanja limodzi, muike pa bondo. Linalo gwirani ndi zala zokha, ngati mwagwira kapu ya tiyi wotentha."

"Anthu akuseka, mwana wanga."

"Asiyeni atsuke mano. Tiyeni."

Galimoto inanyamuka. Inagwedera kamodzi, bambo anadziletsa. Kenako inayenda. Inayenda molunjika ngati yakokedwa ndi chingwe, kudutsa njerwa, kudutsa migolo, mpaka kumapeto. Ndinamva bambo akutulutsa mpweya umene ndikuganiza anausunga kuyambira tsiku la ngalande lija.

"Ohoo," anatero motsitsa. "Ndiye galimoto imakhala chonchi? Ndinaiwala."

Anaitembenuza, kuzungulira bwalo lonse, kuzunguliranso, liwiro likukwera pang'ono, ndipo ndinaona kumwetulira kukuyamba pakona ya mlomo wawo. Kuseka kwa anthu kunali kutazima. Amayi anali ataima pa geti, dzanja lili pa chitsulo, koma sanatuluke.

"Tsika," anatero bambo. "Ndikufuna ndiwaonetse alamu kanthu."

Pambali pa sitolo pali kanjira kopita ku shedi ya malata, kopapatiza, khoma uku, mulu wa njerwa uku. Amalume analetsa kulowetsamo galimoto chifukwa aliyense amene anayesa anasiya penti pakhoma, ndiye antchito ankasenza malata pamutu kuchokera kumeneko. Bambo anaimika pikapu moyang'ana kumbali, kuika giya ya m'mbuyo, chigongono pawindo, n'kulowa chambuyo m'kanjirako. Magalasi a m'mbali ankadutsa khoma mpata woti pepala lokha ndi limene likanalowa. Sanaime, sanakonzenso. Anakafika pakhomo pa shedi n'kuliza hutala kawiri.

Antchito aja analumpha pa matumba. Wina anavula chipewa n'kuchiponya m'mwamba. "Madala! Madala! Misana yathu yapuma!" Mayi wa maloko uja, amene anali atabweranso tsiku limenelo, anaimba nthungululu. Ine ndinkangolumpha ngati mwana, ndikukuwa zinthu zimene sindikuzikumbukira.

Amalume anadikira phokoso lithe.

"Chabwino," anatero. "Lero sanamwe. Ndani wakana kuti alamu amatha kuyendetsa akakhala bwinobwino? Ife tikunena za tsiku lija."

Ndinkadziwa kuti anena zimenezo. Bambo atatulutsa galimoto m'kanjira muja, ndinasolola thumba la simenti pansi pa mpando. Pakhomo la shedi pali vayisi imene amapanirapo mapaipi akamawadula. Ndinamanga shafiti yakale pamenepo, mfundo yake itapendekeka monga imakhalira m'galimoto.

"Amalume, munati munachipotokola nokha. Galimoto itaima, matayala ali m'mwamba pa chokokera, chilichonse chimazungulira. Tapotokolani apa."

"Ndidetse manja chifukwa cha masewera ako?"

"Achimwene," anatero amayi. Anali atabwerera, ataima kumbuyo kwanga. "Potokolani."

Amalume anadzuka. Anagwira chitsulocho ndi dzanja limodzi, kupotokola, chinayenda pang'ono n'kuuma gwa. Anawonjezera dzanja lachiwiri, kukanikiza mpaka mitsempha ya pakhosi inatuluka. Mwadzidzidzi chinamasuka, iwo anapepeluka n'kukagunda phewa pa chitseko cha shedi. Magalasi anagwa pansi.

Palibe amene anaseka. Bambo anangoti, motsitsa, "Pa kona paja zinatero."

Amayi anandikankhira pambali. Anawerama pa mfundo ija, n'kuyendetsa chala pa mphirayo mpaka anapeza pamene inathera. Nsonga yake inali yopisidwa pansi kawiri, n'kubwezedwa chammbuyo, n'kudulidwa mopendekeka. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatola magalasi a amalume pansi, n'kuyang'ana mwendo womanga uja. Anayang'ana makiyi amene anali m'manja mwa bambo. Anayang'ana chogwirira cha wilibala imene inali pafupi.

"Kamangidwe aka ndikukadziwa," anatero. "Ndi mmene munkamangira nsapato zanga tikupita kusukulu, achimwene. Munkati palibe wina angamange chonchi, ndipo sizimasuka."

Anakoka nsongayo ndi chikhadabo n'kuyamba kumasula. Mphira inali itauma ndi kutentha kwa injini, inkathetheka. Atafika mkati, munatuluka fumbi lofiira la dzimbiri, ndipo tizitsulo ting'onoting'ono tothyokathyoka tinayoyokera pa simenti, tiri waa, ngati mchenga. Kamtanda kaja kanali katadyeka mbali imodzi mpaka kuoneka ngati dzino lobooka.

Amayi anapukuta manja pa mpango wawo, umene saulola ngakhale kugwidwa ndi manja onyowa. Anapita pamene bambo anaima. Sananene zambiri, amayi anga si anthu a mawu pagulu.

"Abambo ake, mwadya kanthu chiyambire m'mawa?"

"Ayi."

"Ndiye mukuimiranji? Tiperekezeni kunyumba. Pali zovala zoti ndibweze m'kabati."

Anatsegula okha chitseko cha pikapu n'kukwera kutsogolo, n'kukhala mowongoka ngati galimotoyo ndi yawo. Bambo anaima kaye, akuphethira kwambiri, kenako anayang'ana amalume, makiyi ali m'manja, ngati akupempha chilolezo. Pamenepo ndi pamene ndinayakanso, chifukwa munthu amene anamunamizira sayenera kupempha kanthu kwa womunamizira.

"Kwerani, ababa. Makiyiwo ndi anu."

Amalume anali akupukuta magalasi ndi malaya, akuyang'ana pansi. "Aliyense amalakwitsa," anang'ung'udza. "Ine ndinkangofuna ntchito isaime. Nkhani yatha, tiyeni tibwerere ku ntchito. Inu, matumba awo akudikira ndani?"

Palibe wantchito amene anasuntha.

"Sinathe," ndinatero. Ndinamasula shafiti ija pa vayisi n'kuiika pa mpando wawo, pamene amakhala, pamodzi ndi mphira yake. "Kuvina munalonjeza kuja ndakukhululukirani, mawondo anu ndi akale. Koma nkhani ya mowa munaiyambira m'sitolo, pamaso pa anthu. Inafika kumsika, inafika kwa a Dzimbiri, inafika m'chipinda cha amayi anga. Anthu ake ndi omwewa, ali pompano, makutu ali nawo. Bambo anga akumva, mlongo wanu akumva."

Bambo anali atakwera, injini ikulira pang'onopang'ono kumbuyo kwanga. Amayi anatsitsa galasi la pawindo mpaka pansi.

"Tsono nenani mokweza ngati mmene munanenera poyamba paja. Chinagwetsera galimoto m'ngalande n'chiyani, botolo la bambo anga kapena mphira yanu? Yankhani, amalume!"